Mabelo a udzu amamangidwa ndi anthu awiri

Mwezi wa Ogasiti ukangolowa, kumadera a ng'ombe za mkaka monga Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu msipu umayamba kusowa. Nsenjere imaleka kuphukira, madambo amauma, tchire lotsala osaka mbewa amalitentha. Mlimi amene ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola amayamba kufunsa komwe angagule udzu wofutsa, ndipo apa m'pamene munthu wa bizinesi ya mabelo amadyerera thukuta lake. Ogula akamalozerana njira amati, pitani kwa bambo auje, mabelo alipo. Dzina limene limatchuka ndi la bamboyo. Koma aliyense amene anaonapo mmene udzu umafutsidwira akudziwa kuti pakhomopo pali mayi amene wagwira theka la ntchitoyo, mwinanso kuposa. Maganizo anga, abale ndi alongo, ndi akuti mayi ameneyu akhale ndi gawo lake lodziwika pa mabelo, komanso mawu pa ndalama zake, ndipo zimenezi banja ligwirizane udzu usanadulidwe.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo, chifukwa amene sanaigwirepo amangoti ndi udzu basi. Udzu wabwino wofutsa, monga wa Rhodes, umadulidwa ukangoyamba kutulutsa maluwa. Mukachedwa umakhwima, masamba amachepa, timitengo timachuluka, ng'ombe imangotafuna koma mkaka osaonjezereka. Kuno kwathu nthawi yodula kwambiri imagwera kumapeto kwa dzinja, cha mu Marichi mpaka Meyi, mvula isanatheretu. Udzu wodulawo umayanikidwa masiku awiri kapena atatu, n'kumautembenuza kuti uume mbali zonse. Usanyowe ndi mvula, komanso usakhalitse padzuwa mpaka kuyera mbuu, chifukwa ukataya kubiriwira wataya ndi chakudya chomwe. Chinyezi chake chiyenera kutsika kufika pa magawo pafupifupi 15 pa 100 aliwonse. Kenako pamabwera bokosi lamatabwa: kuyala zingwe, kuthira udzu, kuuponda, kuthiranso, kupondanso, n'kumanga zolimba. Belo limodzi limalemera makilogalamu 15 kapena 20, malinga ndi kukula kwa bokosi ndi mphamvu za woponda. Pomaliza mabelo amasanjidwa pansanja, pansi pa denga losadontha, kutali ndi chiswe ndi moto.

Mukalakwitsa pamodzi pokha, chaka chonse chapita. Belo lomangidwa udzu ukadali ndi chinyezi limatentha mkati, limachita chuku, ndipo mulu waukulu wa mabelo otere utha kuyaka wokha popanda munthu kukhudza machesi. Chimodzimodzinso masangwi a mtedza, amene ambiri amamanga mabelo chifukwa ziweto zimawakonda: akasungidwa onyowa amaola. Poizoni wa chuku amene ali m'chakudya cha ng'ombe amadutsa mpaka mu mkaka umene ana athu amamwa. Ng'ombe ya mkaka yolemera makilogalamu 400 imafuna chakudya chouma chokwana makilogalamu 10 mpaka 12 pa tsiku, kutanthauza kuti belo limodzi silitha masiku awiri ngati palibe china choonjezera. Ndiye wogula sabwera kamodzi ayi. Amabwerabe mpaka mvula igwe, ndipo akangopeza belo limodzi lonunkha, amauza anzake onse a pagulu la mkaka mawa lake m'mawa.

Tsopano tione amene amagwira chiyani. Bambo amapita kukafuna malo odula udzu, amakambirana ndi eni minda, amalemba aganyu, amasaka ngolo kapena galimoto, amakacheza ndi alimi pamalo ogulitsira mkaka. Ntchito zonsezi ndi zoona, ndipo n'zolemetsa. Koma zonsezi zimamuchotsa pakhomo. Udzu woyanikidwa uja amatsala nawo ndani? Amene amauyang'anira masana, kuutembenuza, kuona mitambo ikuda cha kuphiri n'kuitana ana kuti tiyeni tiwole msanga, ndi mayi. Kumadera a chiperoni, kumene kamvula kowaza kamatha kubwera ngakhale mu Juni, ntchito yoyang'ana kumwambayi ndi imene imalekanitsa udzu wogulitsika ndi manyowa. Mayi yemweyo aphikire aganyu, awatungire madzi, alandire ogula amene afika bambo kulibe, akumbukire kuti uje watenga mabelo atatu adzalipira mkaka ukalipiridwa. Nthawi yomweyo chimanga cha banja chikudikira kukololedwa. M'zaka za 2024 ndi 2025 mwezi wa Ramadan unagwera mu Marichi, nthawi yeniyeni yodula udzu, ndipo amayi ambiri amatembenuza udzu ali pa swaumu, madzulo n'kukhalanso pamoto, usiku n'kudzukira daku. Bambo akafika madzulo funso lake loyamba limakhala lakuti, "Amayi, udzu uja munautembenuza?" Funso lakuti mwaswera bwanji limabwera pambuyo, kapena osabwera n'komwe.

Vuto lalikulu la bizinesi imeneyi m'banja ndi nthawi imene ndalama zimatuluka ndi imene zimalowa. Zimatuluka mu Marichi, Epulo ndi Meyi: aganyu, zingwe, mayendedwe, kukonza denga. Zimalowa kuyambira Ogasiti mpaka Novembala. Pakatipa pali miyezi ingapo imene banja limangoyang'ana mulu wa udzu, pamene sopo, mchere ndi ndiwo zikufunika tsiku lililonse. Nthawi zambiri amene amatseka mpata umenewu ndi mayi, ndi kageni kake ka mandasi, tomato kapena nkhuku zake. Ndiye ndalama za mabelo zikayamba kulowa, zimalowa mu foni ya bambo, ndipo zimapeza mizere yaitali ikudikira: fizi ya ana mu Seputembala, feteleza mu Okutobala, ngongole za aganyu, ndi zofuna za bambo mwini. Mayi amamva kuti mabelo atha, koma sadziwa kuti anali angati, anagulidwa pa mtengo wanji, ndalama zapita kuti. Akafunsa, yankho limakhala lakuti, "Kodi simukudya pakhomo pano?" Mikangano yambiri imene ankhoswe amaitanidwira m'miyezi yotentha imayambira pamenepa, ngakhale pofotokoza anthu amatchula zina.

Kusankha nthawi yogulitsa ndi chinthu china chofunika mitu iwiri. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa mabelo mu Seputembala n'kusunga ndalama m'thumba anapeza kuti feteleza ndi malata zathawa. Amene anasandutsa ndalamazo msanga kukhala mbuzi, mbewu kapena matabwa anapulumuka. Chaka chotsatira, mu Marichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chaka chotero udzu umachepa, mtengo wa belo umakwera, ndipo chilakolako chogulitsa zonse chimakula. Bambo amaona ndalama, n'kutsitsa belo lomaliza pansanja. Mu Okutobala mbuzi za pakhomo, zimene kawirikawiri zimakhala za mayi, zimayamba kudya mapepala ndi makungwa. Mayi akadafunsidwa akadanena kuti tisiyeko makumi awiri. Iye ndi amene amazitsekulira m'mawa uliwonse, ndipo akudziwa mmene zimadyera.

Palinso nkhani ya malo, imene ambiri timaizemba. Kummwera kuno, pakati pa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mabanja ochuluka ndi a chikamwini. Munda ndi wa kuchikazi. Udzu wa Rhodes ukadzalidwa umakhala zaka zingapo pamalo amodzi, ndipo nyumba yosungira mabelo simangidwa kuti iphwasulidwe chaka chamawa. Mkamwini amaopa kuthira ndalama zambiri pa dothi la eni, poganiza kuti tsiku lina adzauzidwa kuti nyamulani bulangete lanu. Abale a mkazi nawonso amadandaula kuti munda wa chimanga wasanduka wa udzu, udzu sudyedwa. Mantha a mbali zonse ziwiri ndi omveka. Koma taonani chimene chikuoneka apa: mayi waika malo a kwawo, waika manja ake, bambo waika ndalama zoyambira, luso la msika ndi manja akenso. Anthu awiri osakwatirana akadachita zimenezi, tonse tikadati ndi bizinesi ya anthu awiri. N'chifukwa chiyani ukwati ukuchotsa dzina la mmodzi? Kukambirana poyera, ankhoswe ndi mwini mbumba ali pomwepo, kuti malo ndi a uje, malata ndi bokosi n'za uje, phindu ligawidwa chonchi, kumateteza mkamwiniyo mofanana ndi mmene kumatetezera mkazi wake.

Ndikudziwa zimene abambo ena akunena kale mumtima. Choyamba, ine ndine mutu wa banja, ndimawadyetsa, ndimawaveka, gawo linanso la chiyani? Yankho langa n'lakuti kudyetsa, kuveka ndi kupereka pogona ndi udindo wa mwamuna kuyambira tsiku la nikah, mkazi akhale akugwira ntchito m'bizinesi yanu kapena ayi. Nsima imene mayi akudya si malipiro a kuponda udzu m'bokosi. Mukadalemba waganyu woti azitembenuza udzu, kuphikira antchito ndi kulandira makasitomala kwa miyezi isanu ndi itatu, mukadamulipira, ndipo akadadyanso pomwepo. Kukhala mutu wa banja sikuchepa chifukwa mwawerengera thukuta la mnzanu. Mlimi amene amayeza belo lililonse mwachilungamo kwa wogula wachilendo asalephere kuyeza mwachilungamo kwa mayi a ana ake.

Chachiwiri, ena amati kulemberana m'kope m'banja ndi chizindikiro cha kusakhulupirirana. Eti anthu ogona nyumba imodzi azisainirana? Koma ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an ndi yolamula kulemba ngongole, ndipo inatsikira anthu okhulupirira okhaokha. Kope silitanthauza kuti mnzako ndi wakuba. Limathandiza chifukwa munthu amaiwala, amadwala, amamwalira. Taganizirani bambo wa mabelo atamwalira mu Seputembala, theka la mabelo lili pansanja, theka linatengedwa pa ngongole ndi alimi a mkaka. Mayina a angongole ali m'mutu mwake, ndalama zili mu Airtel Money kapena Mpamba, nambala yachinsinsi anapita nayo kumanda. Sadaka isanathe n'komwe abale afika, akuti mabelo a achimwene athu. Pa kagawidwe ka chuma cha masiye m'Chisilamu, mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati pali ana, kapena limodzi mwa anayi ngati palibe. Koma chimene chimagawidwacho ndi chuma cha malemu chokha. Cha mkazi ndi chake, sichilowa m'mbale yogawana. Ngati sizinanenedwe kapena kulembedwa kuti gawo lakuti la bizinesiyi ndi la mayi, zonse zidzawerengedwa ngati za bambo, ndipo mayi adzapatsidwa kachigawo kochepa ka chinthu chimene anamanga ndi manja ake. Cholakwika pamenepo sichikhala lamulo la kagawidwe. Timalakwitsa ndife amene sitinanene zoona za umwini tili moyo.

Malamulo a dziko nawonso amaona ntchito imeneyi. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khothi kuti pogawa katundu banja likatha liziganizira zimene aliyense anathandizira, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu. Koma kukafika kukhothi kumafuna ndalama za mayendedwe, nthawi ndi umboni, ndipo mayi wa kumudzi amene wangoferedwa sakhala nazo zonsezi. Kope la masamba 40 logula pagolosale ndi mboni ziwiri zimagwira ntchito imene loya sangaigwire pambuyo pake.

Amayi nanunso ndili nanu mawu, chifukwa gawo limabwera ndi katundu wake. Mwini bizinesi amasenza ndi kuluza komwe. Chaka chimene mvula yawononga udzu, kapena wogula wathawa ndi ngongole, gawo lanu nalonso lichepe, osati kunena kuti zimenezo n'za abambo. Kupereka mabelo mobisa kwa achimwene anu kapena amalume, poti ndi abale, n'kuba kwa mnzanu wa bizinesi, ngakhale munda uli wa kwanu. Komanso musamakane kuphunzira. Mayi amene amadziwa kupotokola udzu m'manja n'kuzindikira kuti wauma kapena ayi, amene amadziwa mtengo wa belo sabata ino, amene amatha kuwerenga uthenga wa ndalama pa foni, sanganyengedwe ndi wogula kapena ndi wina aliyense. Alangizi a ziweto akaitanitsa maphunziro a kafutsidwe ka udzu, pitani nonse awiri. Zoti bambo akamva adzandiuza zimachititsa kuti wogwira ntchito asamve, womva asagwire.

Pa mabanja a mitala nkhaniyi imafunika kusamala kwambiri. Chilungamo cha mwamuna pa zosowa za nyumba zake ndi nkhani ina, gawo la bizinesi ndi nkhani inanso. Ngati mayi wa nyumba imodzi ndi amene wapereka munda ndi kugwira ntchito ya udzu, gawo la ntchitoyo ndi lake. Bambo atenge gawo lake n'kusamalira nalo nyumba zonse mofanana. Kutenga thukuta la mkazi mmodzi n'kukagulira malata nyumba ya mnzake, popanda kumufunsa, ndi njira yachidule yoyatsira moto umene ankhoswe sangauzimitse.

Ndiye banja lichite chiyani kwenikweni? Mu Febuluwale, zenga lisananoledwe, khalani pansi awiri mugwirizane zinthu zochepa koma zomveka. Mabelo angati atsale a ziweto za pakhomo, ndipo amenewo asanjidwe padera, asagulitsidwe ngakhale mtengo utakwera bwanji. Pa mabelo khumi aliwonse ogulitsa, angati abweze ndalama zolowa ndi kusungira chaka chamawa, angati akhale a pakhomo, angati a bambo, angati a mayi. Kuwerengera m'mabelo n'kosavuta kuposa m'makwacha, chifukwa belo limaoneka ndi maso ndipo mtengo ukasintha gawo silisintha. Chiwerengerocho ndi chanu, sindingakuikireni, chifukwa zimene aliyense waika zimasiyana banja ndi banja. Gwirizananinso za ngongole: ndani angatenge, mpaka mabelo angati, ndipo aliyense wa inu akapereka alembe tsiku lomwelo. Kope likhale pamalo amene nonse mumawadziwa. Uthenga wa ndalama ukalowa mu foni, muuone nonse.

Chinanso chimene sichilowa m'kope ndi ulemu pa nthawi ya ntchito. Masabata odula udzu ndi otopetsa, tulo timachepa, mitima imafupika. Tsiku lina mvula idzagwa pa udzu woyanika ngakhale mayi atathamanga bwanji. Bambo amene amakalipira mkazi wake pamaso pa aganyu tsiku limenelo wataya zinthu ziwiri, udzu ndi ulemu wa pakhomo pake, ndipo aganyu omwewo mawa sadzamveranso mayi akawatuma. Ngati ntchito yachuluka, lembani munthu mmodzi woonjezera wa masabata amenewo, kapena wothandiza kuphika. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mabelo amene amaola chifukwa munthu mmodzi sangakhale kumunda, kuchitsime ndi kukhitchini nthawi imodzi. Ana nawonso asajombe kusukulu kapena kumadrasa chifukwa cha udzu. Bizinesi imene ikuyenda pa msana wa mwana wa sitandade 6 ikudya mbewu yake yomwe.

Atsogoleri a magulu a mkaka ndi makalabu a alimi mutha kuthandizapo. Polemba mayina a ogulitsa udzu, lembani onse awiri, bambo ndi mayi, ndi manambala awo a foni. Ogula nanu, mukapeza mayi pakhomo musamati tidzabwera abambo akabwera, ngati kuti amene wakupatsani moniyo sadziwa kanthu. Iye ndi amene akudziwa mabelo amene anamangidwa tsiku la dzuwa labwino. Mashehe ndi ankhoswe, polangiza achinyamata amene akulowa m'banja n'kuyamba geni limodzi, funsaninso funso la umwini, chifukwa nkhani za ndalama zimene sizinakambidwe poyamba zimadzakupezani inu nomwe pambuyo pake zitakula.

Kufunika kwa udzu wofutsa sikuchepa posachedwa. Malo odyetsera ziweto akucheperachepera, ng'ombe za mkaka zambiri zimadyera m'khola, ndipo chilimwe chimabwera chaka chilichonse. Banja limene laphunzira kudula pa nthawi yake, kuumitsa bwino ndi kusunga pouma lili ndi bizinesi yokhalitsa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito ya mabelo aliyense amavomereza zimenezi nthawi yonyamula. Tivomerezenso nthawi yowerenga ndalama. Abambo, chaka chino musanapite kukafuna aganyu, itanani mayi a kunyumba, tengani kope ndi cholembera, muyambe ndi funso lakuti, "Amayi, chaka chino mabelo tiwagawa bwanji?"